Ine, ife, iwo: zoyenera ndi zosayenera mtsogoleri akaimirira kulankhula

Pa 6 Julaye 1958 ndege inatera pa Chileka, m'dera la Mfumu Kuntaja, ndipo munatsika Dr Hastings Kamuzu Banda atakhala kunja zaka zoposa 40. Tsiku limeneli ana amaliphunzira kusukulu. Lilipo lina limene saliphunzira kwenikweni, la kumapeto kwa Julaye 1964, pamene Kamuzu yemweyo, pobwera ku msonkhano wa OAU ku Cairo, anaima pabwalo la ndege lomwelo n'kulankhula mawu amene nduna zake zinawamva ngati mbama ya pagulu. Anali kale ndi chizolowezi chozitchula ndunazo kuti "anyamata anga", chonsecho anali akuluakulu a mabanja awo, ndipo ena mwa iwo ndiwo anamuitana kuti abwerere kumudzi. Pofika Seputembala, Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anali atachotsedwa, pomwe Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Zoyambanitsa zinali zambiri: tiki yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, nkhani ya China. Koma ka "anga" kaja nako kankabaya.

Aphunzitsi a Chichewa amatitcha timawu timeneti alowam'malo: ine, iwe, iye, ife, inu, iwo. Komatu m'chinenero chathu munthu sakhala mu "ine" kwenikweni. Amakhala kumutu kwa mneni, mu ndi-, ti-, mu- ndi a-, ndipo akafuna amatha kusowamo osasiya ndi phazi lomwe. Anthu a pabwalo sadziwa mayina a galamala, koma khutu lawo limagwira msanga amene wasenza nkhani ndi amene waitula pamutu pa mnzake. Zotsatirazi n'za nyakwawa, gulupu, wapampando wa VDC, khansala, mkulu wa mpingo, mayi wosunga bokosi la banki mkhonde, ngakhalenso phungu wobwera pa galimoto ya magalasi akuda.

Choyenera: mukalakwitsa, nenani kuti "ndalakwitsa".
Chosayenera: kuthawira mu "zalakwika".

Mwana wa zaka 4 amadziwa kale kusiyana kwa "ndaswa mbale" ndi "mbale yasweka". Anamuphunzitsa ndi kamtengo ka amayi ake. Chichewa chili ndi khomo lothawira limeneli, ka -ika ndi ka -eka: buku latayika, mjigo wawonongeka, ndalama zasokonekera, matumba a simenti sakuoneka. Zinthu zimangodzichitikira ngati mvula ya chizimalupsa.

Ndinakhalapo pa msonkhano wa makolo pasukulu ina cha ku Lirangwe, nkhani yake ili ya simenti ya chimbudzi cha atsikana. Wapampando anatha theka la ola ali pa "panachitika kusamvetsetsana" ndi "zinavutirapo ku mbali ya mayendedwe". Gogo wina, chitenje atachikulunga m'khosi, anangofunsa kuti, "Bambo, simentiyo inamera miyendo?" Anthu anafa nacho chiseko. Kenako msungichuma anaimirira, manja akunjenjemera, n'kuti: "Makiyi ndimasunga ndine. Ndinabwereketsa matumba awiri kwa alamu anga. Ndibweza pofika Loweruka." Anamukalipira mpaka thukuta, inde, koma pa chisankho chotsatira anamubwezera pampando. Wapampando uja sanabwererenso. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo anthu amaukhulupirira mutu umene auona ukuzilandira.

Akuluakulu a dziko nawo amalidziwa khomo lomweli. Mu Januwale 1996, khothi litangomupeza wosalakwa pa mlandu wa imfa za Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, Kamuzu anapepesa mtundu wa Amalawi. Kupepesako kunatsamira pa "ngati", ndipo zowawazo zinayamba zaikidwa pa amene ankagwira ntchito m'boma lake ndi amene ankagwiritsa ntchito dzina lake mwachinyengo. Iye mwini anadzitchula monga amene mwina analakwa osadziwa. Munthu amene kwa zaka 30 misewu, chimanga ndi mtendere zonse zinali "ine", pa tsiku la cholakwa anakhala womaliza pamzere.

Choyenera: ntchito ikatheka, nenani kuti "tamanga".
Chosayenera: "ndakumangirani".

Njerwa anaumba ndi amayi a m'mudzi, madzi anatunga ndi ana asukulu, mchenga anatuta ndi anyamata kumtsinje, ndalama za malata zinachokera ku thumba la CDF, zomwe ndi misonkho ya anthu omwewo akagula sopo ndi shuga pa Lunzu. Ndiye wina adzafike tsiku lodula riboni n'kuti "ndakumangirani buloko". Mawu amenewa amasandutsa eni ntchito kukhala opemphetsa, ndipo wopemphetsa sakonza chitseko chikathyoka. Amadikira mwini wake adzabwerenso pa kampeni.

James Pennebaker, katswiri wa kaganizidwe ka anthu wa ku yunivesite ya Texas ku Austin, anatha zaka akuwerenga timawu totere pa kompyuta, ndipo zomwe anapeza anazilemba m'buku lake la mu 2011, The Secret Life of Pronouns. Ambiri timaganiza kuti bwana ndiye amachulutsa "ine". Iye anapeza kuti ndi wapansi, amene akudzikayikira, amene amadzitchula kawirikawiri. Wapamwamba maso ake amakhala pa ntchito ndi pa anthu, choncho amachulutsa "ife" ndi "inu". Anapezanso kuti wonama amakonda kudzichotsa m'chiganizo. Anawerenga Chingerezi, osati Chichewa, komabe aliyense amene anakhalapo pansi pa mtengo wa bwalo angavomereze zonse ziwiri: wodzitama ndi wamantha nthawi zambiri amakhala munthu mmodzi.

Choyenera: mukati "ife", onetsani amene ali m'katimo.
Chosayenera: "ife" wa chitseko chotseka.

Apa ndi pamene pagona nkhani. "Ife" wa Chichewa ali ndi nkhope zitatu. Alipo wa ine ndi inu nonse mwakhala apa. Alipo wa ine ndi anzanga a ku ofesi, inu mulibemo. Alipo wa ine ndekha, kaya modzichepetsa ngati mlendo amene akuti "ife tangofika kumene", kaya modzikweza ngati mfumu yoledzera ufumu. Chinenero sichisiyanitsa atatuwa. Amasiyanitsa ndi omvera, ndipo salakwitsa.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo wa minibasi yochoka ku Lirangwe kupita m'tauni unakwera, feteleza naye osanena. Nthawi ngati imeneyo wolankhula aliyense amafika ndi "tipirire". Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1 amayang'ana nsapato za wolankhulayo, kenako galimoto yake, n'kudziwa kuti "ti-" ameneyu ndi "mu-" wovala jekete. Ngati simupirira nawo, kuli bwino kunena mosabisa kuti "mukuvutika, ndikuona, ndipo mbali yanga ndi iyi". Kumeneko kumamveka.

Ganizirani za madzi. Madzi ambiri amene amamwa anthu a mumzinda wa Blantyre amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry n'kudzera pa Chileka pokwera kumtunda. Wolankhula wochokera m'tauni akafika kwa Kuntaja n'kuyamba za "madzi athu", mayi amene wadzuka m'mamawa kukapanga mzere pa mjigo ali ndi ufulu wofunsa mumtima kuti athu ndani.

Dzina la mgwirizano wa zipani 9 umene unapambana chisankho cha pa 23 Juni 2020 linali mlowam'malo weniweni: Tonse. Linakoma kulimva, ndipo linakoka mavoti. Koma mawu aakulu chonchi amasanduka muyeso. Mndandanda uliwonse wa maudindo anthu ankauyeza nawo, kuti aone ngati tonse tilimodi. Pofika Julaye 2024 chipani cha UTM chinali chitatulukamo. Phunziro lake si la chipani chimodzi. Ngakhale wapampando wa kalabu ya alimi akati "tonse tipindula", adziwe kuti wapereka yekha ndodo yodzamukwapulira.

"Ife" wolemera ndi wa mayina pansi pake. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, yodzudzula umphawi, kusowa chilungamo ndi kutseka anthu pakamwa. Inalankhula monga gulu, koma aliyense anasaina dzina lake. Apolisi anawaitana kukawafunsa, ndipo Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Palibe amene anafunsa kuti "ife" wa m'kalata ija anali ndani.

Choyenera: lonjezo likhale la "ndi-", ndipo likhale ndi tsiku.
Chosayenera: "tiona", "tikambirana", "tiyesetsa".

"Tiona" ndi manda a madandaulo. Anthu a kwathu akamva "tiona" amayamba kukung'untha zitenje, msonkhano watha. Nenani kuti "Lachiwiri ndipita kwa a DC ndi kalatayi, Lachisanu ndidzakuuzani zomwe andiyankha, kaya zabwino kaya zoipa". Ngati nkhaniyo yakukulirani, "sindingathe" ndi mawu aulemu kuposa "tiyesetsa" wa zaka zitatu.

Choyenera: mukatumidwa, tchulani wakutumani, maganizo akakhala anu, aberekeni nokha.
Chosayenera: "akuti", "anthu akuti", "akuluakulu anena".

Nyakwawa ili pakati ngati nyama ya m'sangweji, ndipo ndimaimvera chisoni nyengo ya feteleza wotsika mtengo. Kuyambira pa makuponi a FISP mu 2005 mpaka AIP imene inayamba mu 2020, mndandanda wa mayina ndiwo umayambanitsa mudzi, makamaka chiwerengero cha olandira chikatsika. Mfumu ikati "akuti mayina ndi omwewa", anthu amamva kuti pali chobisika. Ikati "mndandandawu wachokera kwa alangizi a zaulimi, ine ndaulandira dzulo, mayina amene ndinapereka anali ochuluka kuposa awa, ndipo mawa ndikafunsa", yatchula wotuma, yadzitchulanso yokha. Akatsutsa akatsutse, koma akudziwa khomo logogoda.

"Akuti" woopsa ndi uja wobwereka pakamwa pa anthu. Mu 2002, pamene kunabwera bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti nthawi ya Bakili Muluzi, mawu amene ankamveka pa misonkhano anali akuti anthu ndiwo akufuna. Biluyo inagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Julaye chaka chomwecho, itaperewera mavoti 3 okha. Zoterezi zimachitikanso m'makomiti a mpingo ndi a mjigo: wapampando teremu yatha, koma "anthu akuti ndipitirize". Anthu ake ati, anakumana kuti, analipo angati? Ngati mukufuna kupitiriza, nenani kuti "ndikufuna kuimanso", manja akwezedwe.

Choyenera: "inu" waulemu, ngakhale kwa wolakwa.
Chosayenera: "iwe" pabwalo, ndi "anthu inu" wolozera chala.

Za "iwe" sizifuna kutaya nthawi. Bambo wa ana asanu, ngakhale wagwidwa ndi mbuzi ya eni, pabwalo ndi "inu". Mukamutcha "iwe" pamaso pa apongozi ake, chindapusa adzalipira koma mlandu wina mwauyambitsa, ndipo umenewo suola.

Wovuta ndi "inu" wa mlangizi wotopa. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. M'misonkhano ya nthawi imeneyo munkamveka kawirikawiri kuti "anthu inu simumva, simukumba zimbudzi". Zoona zake zinalimo. Koma mawu otere amaimika wolankhula tsidya lina la mtsinje, ali woyera, akukuwira akuda. Yerekezani ndi mfumu imene ikuti "m'mudzi mwathu muno makomo ambiri tilibe zimbudzi, changa chinagwa ndi mvula, ndayamba kukumba dzulo, bwerani mudzaone". Chimodzimodzi nkhani ya mitengo ya m'phiri la Michiru. Musanati "mwatha nkhalango", kumbukirani chimene chaphikira nsima imene mwadya masana. Anthu amadziwa nyumba iliyonse imene njinga ya makala imaima.

Koma musapitirire muyeso. Ngati wakuba mapaipi ndi mmodzi ndipo akudziwika, "tonse talakwa" ndi mantha ovala mkanjo wa umodzi.

Choyenera: "mudzi wathu", "malo athu".
Chosayenera: "anthu anga", "dera langa".

Chichewa chinatiphunzitsa kale. Munthu ngakhale akhale yekhayekha m'dziko la eni, ku Johannesburg kaya ku Harare, amati "kwathu". Kumudzi kulibe mwini mmodzi. Nanga bwanji munthu akangovala mkanjo wa ufumu kapena kupambana chisankho, zonse zimasanduka "zanga"?

Ena adzati mwini mbumba amati "mbumba yanga", ndipo n'zoona. Koma "yanga" wa mwini mbumba ndi wa ngongole: mlongo akadwala amathamanga ndi iye, mwana wa mlongo akapalamula amakagwada ndi iye, poti nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kamuzu anatenga mawu omwewa n'kutcha amayi onse a m'dziko mbumba yake, iye n'kukhala Nkhoswe Nambala Wani. Ena mwa agogo athu amakumbukira zitenje ndi maulendo. Ena amakumbukira kusiya munda ndi mwana wodwala kukavina. Onse awiri akunena zoona.

Pa nkhani ya malo m'pamene "anga" amaluma kwambiri. Anthu a m'tauni akugula malo ku Chileka mothamanga, ndipo mfumu imene yazolowera kunena kuti "malo anga" sichedwa kuiwala kuti ndi msungi chabe. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, momwe gulupu amakhala pamodzi ndi anthu osankhidwa ndi mudzi, amayi ali momwemo. Lamulolo linangolemba papepala chimene "athu" ankanena kale.

Choyenera: "ndi-" wamba.
Chosayenera: "ineyo", "ine pano", "ine amene mukundionayu".

"Ndapita ku khonsolo" ndi nkhani. "Ineyo ndapita ku khonsolo" ndi mpikisano ndi munthu amene sanatchulidwe. "Ine" woima payekha ali ngati tsabola wa kambuzi: kamodzi pa nkhani yonse, pamene mukusenza chinthu cholemera, monga "mlandu uwu ndiutenga ine". Onjezani apa "ife ngati boma" ndi "ine ngati phungu wanu", zomwe zinalowa kuchokera ku Chingerezi. Wa ku Chileka akamva "ngati" amamva chinthu chongofanana ndi chenicheni.

Choyenera: mwapatsidwa mpando, lankhulani monga mwini mpando.
Chosayenera: kuyamba ndi "ife sitidziwa kulankhula".

Langizo ili ndi la amayi ndi achinyamata makamaka, poti ndiwo analeredwa kuti pamaso pa akulu munthu amadzichepetsa mpaka kusowa. M'makomiti a VDC, a sukulu ndi a banki mkhonde amayi achuluka tsopano, ndipo ambiri ndiwo amadziwa mawerengero kuposa abambo. Koma mayi amaimirira, buku lili m'manja, zonse zolondola mpaka tambala, n'kuyamba kuti "pepani, ife ndi osaphunzira, mwina tilakwitsa, akuluakulu atikonza". Akamafika pa nambala, abambo a kumbuyo ayamba kale kukambirana za mpira.

Ulemu suchotsedwa. Perekani moni mwa dongosolo lake, a gulupu, mafumu, a mipingo, amayi ndi abambo. Ombani m'manja ngati mwambo ukutero. Mukatha pamenepo nenani kuti "ndawerengera ndalama, zilipo zakuti, amene sanabweze ndi atatu, ndawauza kale". Kudzichepetsa kumakhala m'mawondo ndi m'moni. Mu lipoti mukhale inuyo.

Choyenera: pamaliro, "tataya".
Chosayenera: "anthu ena ake", "iwo aja", ndi mbiri ya zimene munachitira malemu.

Pasiwa ndi pamene atsogoleri ambiri amagwera, poti khamu lilipo laulere ndipo maikolofoni ali m'manja. Wina amayamba bwino, kenako n'kukhotera ku "anthu ena ake amene sanabwere n'kudzazonda komwe", "iwo aja amangooneka nthawi ya kampeni". Aliyense amadziwa amene akunenedwa, ndipo wonenedwayo sangayankhe pamaso pa bokosi. Ngati muli naye chifukwa munthu, bwalo lilipo Lachitatu. Kamutchuleni dzina kumeneko ali pomwepo. Wina ndi uja wowerenga mndandanda: ndinamutengera kuchipatala ndine, bokosi ndagula ndine, ufa wa pano ndi wanga. Anamfedwa amaweramitsa mitu, akudziwa kuti ngongole imeneyi adzailipira pa tsiku lovota.

Mwini mbumba walankhula kale, a mpingo akudikira, adzukulu akhala kumanda chiyambire mbandakucha ndipo dzuwa la ku Chileka lafika paliwombo. Nenani kuti tataya mnzathu, tchulani chabwino chimodzi chimene malemu anachitira mudzi, perekani chipepeso kwa wolemba m'kope mwakachetechete, mubweze maikolofoni kwa a mwambo.